Ndani amayambitsa nyimbo? Achinyamata, magule ndi nkhondo yolimbana ndi kusalana

Mu 1973 Celeste Dandeker anali mtsikana wovina m'gulu lotchuka la London Contemporary Dance Theatre. Tsiku lina ali pakati pa chionetsero anatera moipa n'kuvulala msana. Kuchokera tsiku limenelo sanayendenso. Panadutsa zaka zoposa 15 asanabwerere pabwalo lovinira, ndipo pobwerera anali panjinga ya olumala. Mu 1991 iye ndi mnzake Adam Benjamin anayambitsa gulu la Candoco ku London, momwe ovina aulumali ndi opanda ulumali amavina limodzi.

Chimene chimandigwira mtima pa mbiri ya gululi ndi zimene eni ake anakana. Sanalole kuti ntchito yawo izitengedwa ngati chithandizo cha odwala, kapena kuti aziomberedwa m'manja chifukwa cha chisoni. Ankaitana akatswiri odziwika opeka magule kuti adzagwire nawo ntchito, n'kumaonetsa magulewo m'mabwalo omwewo amene magulu ena onse amavinamo, kuti oonera awaweruze ngati ovina basi. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Mwambiwu timakonda kuutchula pochenjeza ana kuti asaseke anzawo. Moyo wa Dandeker ukutionetsa mbali yake ina: munthu thupi likasintha amakhala yemwe uja, luso lili pomwepo, njala yofuna kuvina ili pomwepo. Chimene chimasowa ndi bwalo lomulandira.

Lero m'maiko ambiri achinyamata atenga magule, zisudzo, nyimbo, ndakatulo ndi zojambula kuti alimbane nako kusalana. Ena amasalidwa chifukwa cha ulumali, ena khungu, ena umphawi, ena chifukwa ndi atsikana kapena anathawa nkhondo kwawo. Mabungwe othandiza amaikonda nkhaniyi, pakuti zithunzi zake zimakongola. Koma kuseri kwa zithunzizo kuli mafunso olemera. Kodi kuvina kumasinthadi mtima wa munthu watsankho? Ngati kumasintha, kumadutsira pati? Nanga bwanji ntchito zina zotere zikatha, achinyamata aja amapezeka ali pomwe anali?

Zinthu ziwiri zimene timazisokoneza

Amene ali m'ntchitozi amakamba za zinthu ziwiri. China ndi kulandira aliyense, kuti pasapezeke wotsalira kunja. China ndi chilungamo pogawa mwayi. Ambiri akamva chachiwirichi amaganiza kuti ndi kuchitira onse mofanana, ndipo m'pamene zinthu zimayambira kupotoka.

Tiyerekeze kalasi ya magule imene yalengeza kuti aliyense abwere. Malipiro ndi amodzi, nthawi ndi imodzi, malamulo ndi amodzi. Kalasiyo ili m'chipinda cham'mwamba chokwera ndi masitepe, imayamba dzuwa litapendeka, ndipo mphunzitsi amalangiza ndi pakamwa atafulatira ophunzira. Palibe amene wabwezedwa pakhomo. Komabe mnyamata wa panjinga wathera m'munsi mwa masitepe, mtsikana wosamva sakuona milomo ya mphunzitsi, ndipo mtsikana wina amene kwawo n'kutali makolo sangamulole kuyenda usiku. Onse achitiridwa mofanana, koma atatu atsala. Chilungamo chimayamba ndi kufunsa pamene aliyense akuyambira, n'kusuntha chipinda, nthawi kapena kaphunzitsidwe kuti atatuwo afike.

Mfundo imeneyi anaifotokoza bwino omenyera ufulu wa anthu aulumali ku Britain m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1983 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Mike Oliver, yemwenso ankayenda panjinga, anaifalitsa kwambiri. Iwo ankati miyendo kusayenda ndi nkhani ya thupi, koma chimene chikumuletsa munthu kulowa m'nyumba ndi masitepe, ndipo masitepewo anamanga ndi anthu. Choncho chofunika kukonza ndi nyumbayo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni ali ndi ulumali waukulu, kutanthauza mmodzi mwa anthu 6 alionse. Bwalo limene silingalandire chigulu chonsechi lili ndi vuto lalikulu.

Malamulo a dziko lonse anaivomereza kale nkhaniyi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, pa ndime 31, limati mwana aliyense ali ndi ufulu wopuma, wosewera ndi wotenga nawo mbali pa zaluso. Pangano la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, pa ndime 30, limapita patsogolo: limati maboma apereke mpata woti anthu aulumali akulitse luso lawo kuti apindule iwo eni, komanso kuti anthu ena onse apindule nalo. Mawu omalizawa ngofunika. Akutanthauza kuti wosalidwa akatsala kunja, ife amene tili mkati timaluzanso kanthu.

N'chifukwa chiyani gule?

Tsankho limayambira pathupi. Munthu asanatsegule pakamwa, maso athu aona kale khungu lake, kayendedwe kake, zovala zake, kunenepa kapena kuonda kwake, ndipo mlandu tagamula kale. Gule amatenga thupi lomwelo n'kuliika pakati pa bwalo. Wachinyamata amene moyo wake wonse anthu akhala akumuyang'anitsitsa mumsewu, kapena kumuthawitsa maso ngati palibe, akafika pabwalo ndiye amasankha chimene muone, nthawi yoti muchione ndi utali wake. Maso omwe aja ankamubaya tsopano akumutsatira. Kwa munthu wa zaka 15 chimenechi si chinthu chaching'ono.

Palinso chimene chimachitika m'thupi anthu akamayenda mogwirizana. Mu 2015 Bronwyn Tarr ndi anzake a ku yunivesite ya Oxford anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi ophunzira a sekondale ku Brazil. Anawagawa m'timagulu: ena ankavina mofanana ndi anzawo, ena aliyense zake, ena mwamphamvu, ena mofatsa. Kenako ankawafinya mkono ndi lamba woyezera kuthamanga kwa magazi kuti aone ululu umene angapirire. Amene anavina mofanana, komanso amene anavina mwamphamvu, ankapirira ululu wochuluka, chizindikiro choti ubongo watulutsa timadzi toziziritsa ululu, ndipo ankati akudzimva kuti ali pafupi ndi anzawo amene anavina nawo.

Tamvetsani bwino mawu akuti amene anavina nawo. Gule amamanga anthu amene ali m'bwalo limodzi. Asilikali nawonso amaguba mofanana, ndipo kugubako kumawamanga iwo okhaokha. Ndiye kuvina pakokha sikuthetsa tsankho. Zimatengera amene mwamuika m'bwalomo.

Apa akatswiri a za maganizo a anthu ali ndi chotiuza. Mu 1954 Gordon Allport ananena kuti anthu a magulu odana akakumana, tsankho limachepa makamaka pakakhala zinthu zinayi: akumane ngati olingana, akhale ndi cholinga chimodzi, cholingacho chifune kuti adalirane, ndipo akuluakulu oyang'anira achivomereze. Mu 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 515 ndipo anapeza kuti kukumana kumachepetsadi tsankho, ndipo kumachepetsa kwambiri zinthu zinayi zija zikakhalapo. Gulu lokonzekera chionetsero likhoza kukwaniritsa zonsezi mosavuta. Tsiku la chionetsero ndi limodzi kwa onse, ndipo wina akalakwitsa, gule yense wapendama. Koma choyamba chija, kukumana ngati olingana, ndicho chimavuta. Ana a pasukulu ya olemera akapita kukavinira ana amasiye, kapena opanda ulumali akabwera ngati othandiza anzawo aulumali, akumanadi, koma wina wabwera ndi manja opereka, wina ndi manja olandira, ndipo onse amabwerera akudziwa bwino malo awo.

Mkati mwa chipinda chokonzekera

Kuti timvetse kusiyanaku, tilowe m'chipinda mmene gulu losakaniza ovina aulumali ndi opanda ulumali likukonzekera. Njira zambiri zimene magulu otere amagwiritsa ntchito zinachokera ku kavinidwe kamene Steve Paxton anayambitsa ku America mu 1972, komwe anthu awiri amavina atagundana matupi, wina kutsamira mnzake, kumamverana kulemera popanda masitepe a gule oloweza. Mu 1987 Alito Alessi ndi Karen Nelson anayamba kugwiritsa ntchito njirayi ndi anthu aulumali ku Eugene, m'chigawo cha Oregon, pa ntchito imene inadzatchedwa DanceAbility. Chaka chomwecho gulu lina losakaniza la AXIS linabadwa ku Oakland, ku California.

Mphunzitsi wa gulu lotere sanena kuti kwezani mwendo wamanja, chifukwa ena mwendowo alibe, ena ulipo koma sumvera. Amanena chimene gule akufuna. Amati tambasukani mpaka pamene thupi likuthera, mukhale pamenepo mpweya utatu, kenako dzikungeni ngati mukubisa kanthu pamimba. Wina atambasula mwendo, wina mkono, wina khosi ndi maso okha, wina akankha njinga kuti ipite yokha kutsogolo n'kuigwira mwadzidzidzi. Onse avina chinthu chimodzi, aliyense m'thupi lake. Mphunzitsi wochenjera amayamba waona chimene aliyense m'chipindamo angathe, n'kumanga gule kuchokera pamenepo.

Kenako amawaika awiriawiri. Mnyamata wa miyendo yabwinobwino afika pa mtsikana wa panjinga, manja ali kale pa zogwirira kuti amukankhe. Mphunzitsi amuimitsa. Njingayo ili ngati mbali ya thupi la mwini wake, ndipo sugwira thupi la munthu usanapemphe. Ndiye amuuza kuti atsamire msana wake paphewa la mtsikanayo n'kusiya kulemera kwake konse pamenepo. Mnyamatayo amaopa, amadzigwira, minofu ya m'khosi ili gwa. Pang'ono ndi pang'ono amasuka, mapazi ake achoka pansi, ndipo mtsikanayo azungulira naye chipinda chonse. Amene anabwera kudzathandiza wanyamulidwa. Phunziro limeneli silingalowe mwa kulalikira. Limalowera pamsana.

Osamva nawonso ali ndi njira zawo. Amamva kugunda kwa ng'oma kudzera pansi pa matabwa ndi m'chifuwa, amawerenga poona dzanja la wotsogolera kapena kuthwanima kwa nyale. Mu 2005 ovina 21 osamva a ku China, motsogozedwa ndi Tai Lihua, anadabwitsa anthu pa wailesi ya kanema pachikondwerero cha chaka chatsopano cha kumeneko: anandanda mzere umodzi, manja awo akutuluka motsatana ngati a munthu mmodzi, ndipo m'mbali mwa bwalo munaima aphunzitsi owapatsa zizindikiro ndi manja. Kwa oonera osaona, mabwalo ena amakhala ndi munthu wofotokoza m'makutu zimene zikuchitika, ndipo chionetsero chisanayambe amawalola kukhudza zovala ndi zipangizo.

Nsapato za mtundu wa khungu la yani?

Kusalana kwina kumabisala m'tinthu ting'onoting'ono. Akazi ovina gule wa ku Ulaya wotchedwa ballet amavala nsapato zoimira pa zala, ndipo mwambo wake ndi woti nsapato ifanane ndi khungu kuti mwendo uoneke wautali, wosadukiza. Kwa zaka zambirimbiri nsapatozi zinkapangidwa za pinki basi. Mtsikana wakuda ankagula nsapato zodula, n'kukhala pansi ndi kachinkhupule kumazipaka zodzola za kumaso za mtundu wa khungu lake, kuziyanika, kupakanso. Nsapatozi sizichedwa kutha, wovina wa ntchito amatha peyala m'masiku ochepa, ndiye kupakako kunali kwa sabata ndi sabata. Mu 2018 kampani ya Freed of London, mogwirizana ndi gulu la Ballet Black limene Cassa Pancho anayambitsa mu 2001, inayamba kupanga nsapato zoderako. Palibe lamulo limene linkaletsa mtsikana wakuda kuvina. Nsapato ndiyo inkamuuza tsiku ndi tsiku kuti pokonza bwaloli sanamuganizire.

Arthur Mitchell ankazidziwa bwino zimenezi. Iye anali wakuda woyamba kufika pa udindo wa wovina wamkulu m'gulu la New York City Ballet. Womenyera ufulu wa anthu akuda Martin Luther King Jr. ataphedwa mu 1968, Mitchell anabwerera ku Harlem kumene anakulira n'kuyamba kuphunzitsa ana, ndipo mu 1969 iye ndi Karel Shook anakhazikitsa Dance Theatre of Harlem. Ngakhale zinali choncho, gulu la American Ballet Theatre linadzasankha mkazi wakuda woyamba kukhala wovina wamkulu, Misty Copeland, mu 2015. Iye anayamba ballet ali ndi zaka 13 pamalo osewerera ana a m'dera lake. Ku Johannesburg, ulamuliro watsankho uli pachimake mu 1978, Sylvia Glasser anayambitsa gulu la Moving into Dance momwe achinyamata akuda ndi azungu ankavina limodzi. M'gululi ndimo munatuluka Vincent Mantsoe ndi Gregory Maqoma, amene lero amadziwika dziko lonse.

Mabwalo amene achinyamata anadzimangira okha

Zitsanzo zimenezi ndi za kugogoda pakhomo la nyumba ya eni ake. Njira ina ndi kumanga yako. Chaka chomwe Dandeker anagwa, pa 11 Ogasiti 1973, mtsikana wina wa ku Bronx mu mzinda wa New York, Cindy Campbell, anakonza phwando m'nyumba ya pa 1520 Sedgwick Avenue kuti apeze ndalama zogulira zovala za kusukulu. Woimbitsa nyimbo anali mchimwene wake, DJ Kool Herc. Ambiri amawerengera kubadwa kwa hip hop kuchokera usiku umenewo. Bronx ya nthawi imeneyo inali yosauka kwambiri, nyumba zikupsa, magulu a achinyamata akumenyana. Ana akuda ndi a ku Puerto Rico analibe sukulu ya magule, analibe nsapato zapadera. Anali ndi katoni yoyala pansi ndi bwalo la anzawo.

Bwalo limenelo lili ndi chilungamo chake. Onse amaima mozungulira, aliyense amalowa pakati nthawi yake ikakwana, ndipo chimene chimalemekezedwa ndi kubweretsa kanthu kako kamene wina alibe. Ndiye chifukwa chake breakdance, gule wa hip hop, yalandira matupi amene magule ena anawakana. Luca Patuelli wa ku Montreal, amene amavina ndi ndodo zoyendera, anasonkhanitsa mu 2007 ovina aulumali a m'maiko osiyanasiyana kukhala gulu la ILL-Abilities. Ndodo m'manja mwake zimapanga masitepe amene wa miyendo iwiri sangawathe. Ku Kampala, Abramz Tekya, amene makolo ake anamwalira iye ali mwana, anayambitsa Breakdance Project Uganda mu 2006 ndi makalasi aulere, pa mfundo yoti aliyense ndi wophunzira ndipo aliyense ndi mphunzitsi: ukadziwa sitepe imodzi, uiphunzitse wobwera pambuyo pako. Ku Rio de Janeiro, m'dera la Vigário Geral kumene apolisi anapha anthu 21 mu 1993, gulu la AfroReggae linatsegula malo ophunzitsira achinyamata ng'oma ndi magule kuti akhale ndi kwina kolowera kusiya magulu ogulitsa mankhwala osokoneza bongo. Mu 2024 breakdance inafika mpaka pa masewera a Olympics ku Paris.

Ndisaiwale kuti bwalo la hip hop lomwelo lili ndi zipsera zake. Kwa nthawi yaitali atsikana ankalowamo movutikira, ndipo mpaka pano m'magulu ambiri mtsikana amayenera kuvina kuposa anyamata kuti amuwerengere.

Pa zisudzo, njira imene yafala kwambiri ndi ya Augusto Boal wa ku Brazil, imene anaikonza m'zaka za m'ma 1970. Achinyamata amapanga sewero lalifupi la munthu woponderezedwa, mwachitsanzo mtsikana amene akumuchotsa sukulu, ndipo sewerolo limatha moipa. Kenako amaliyambanso, koma tsopano woonera aliyense akhoza kufuula kuti imani, n'kukwera pabwalo kutenga malo a mtsikanayo kuti ayese njira yake. Amene akusewera ngati woponderezayo sagonja msanga, amalimbalimba monga zimakhalira m'moyo. Anthu amene akanangokhala chete pamsonkhano amapezeka atsutsana usiku wonse, chifukwa n'kosavuta kunena za mtsikana wa m'sewero kusiyana ndi kunena za mwana wa m'nyumba mwako.

Pamene zinthu zimakhota

Msampha woyamba ndi chisoni chovala zovala za chiyamiko. Stella Young, mtolankhani komanso wanthabwala wa ku Australia yemwe ankayenda panjinga, anadandaula poyera mu 2014 kuti anthu osawadziwa ankamuyamikira chifukwa chongodzuka m'mawa. Iye ankati zithunzi za anthu aulumali ochita zinthu wamba zimafalitsidwa kuti opanda ulumali adzimve bwino, aziti ngati uyu akutha, ine ndidandaulirenji. Pa magule zimenezi zimachitika kawirikawiri. Oonera amalira, amaimirira kuomba m'manja gule asanayambe n'komwe, ndipo palibe amene amamuuza wovinayo kuti sitepe yachitatu inali yofooka. Wachinyamata amene sadzudzulidwa sakula. Kumuchitira ulemu weniweni ndi kumufunsa zambiri monga momwe mungafunsire mnzake aliyense.

Msampha wachiwiri ndi wa mwambi uja woti ukaipa dziwa nyimbo. Mwambiwu uli ndi nzeru yake, umalimbikitsa munthu kuti apeze pomwe angaime. Koma taumvetserani bwino: ukunena kuti amene anthu amukana ayenera kugula malo ake ndi luso. Nanga amene nyimbo sadziwa? Mu 2020 kanema wa Anthony Madu, mnyamata wa zaka 11 wa ku Lagos akuvina ballet opanda nsapato mvula ikugwa, anazungulira dziko lonse, ndipo patapita nthawi anapeza malo pasukulu ya ballet ya Elmhurst ku Birmingham. Ndimakondwera naye ndi mtima wonse. Koma mphunzitsi wake Daniel Ajala ankaphunzitsa ana enanso ambiri mwaulere pamalo omwewo, ndipo kamera sinagwe pa onse. Ntchito yolandira aliyense tiiyese poona mwana wachikhumi, wamanyazi, wosinthasintha mapazi, ngati nayenso ali ndi malo ndipo akubwerabe chaka chamawa.

Funso lina ndi loti akulowa ndani kwenikweni. Ndondomeko ya El Sistema, imene José Antonio Abreu anayambitsa ku Venezuela mu 1975, inaphunzitsa ana zikwi mazanamazana kuimba ndi zida zoimbira, inatulutsa wotsogolera oimba wotchuka Gustavo Dudamel, ndipo maiko ambiri anaitengera. Ili ndi kwaya ya ana osamva amene amaimba ndi manja atavala magolovesi oyera. Komabe kafukufuku amene banki ya Inter-American Development Bank inachititsa anapeza kuti pakati pa ana amene ankalembetsa, osauka anali ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa osauka m'madera omwewo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona kulikonse. Kalasi ikhoza kukhala yaulere, koma ulendo ndi wolipira, ndipo mwana amene madzulo amagulitsa malonda kapena kulera azing'ono ake nthawi yoyeserera alibe. Amene amamva msanga za mwayi ndi amene makolo awo ali kale ndi maso ndi makutu m'malo oyenera.

Ndiye pali nkhani ya nthawi. Nyimbo imodzi sachezera gule. Ntchito zambiri zimabwera ndi thandizo la miyezi isanu ndi umodzi, pamapeto pake chionetsero chachikulu, alendo olemekezeka, zithunzi, lipoti. Mwezi wotsatira chipinda chatsekedwa. Wachinyamata amene anayamba kukhulupirira anzake, amene anaulula zowawa za moyo wake m'sewero, wabwerera kumene anachoka, koma tsopano akudziwa chimene wataya. Magulu amene asintha miyoyo ndi amene akhala pamalo amodzi zaka zambiri, mpaka ophunzira oyamba asanduka aphunzitsi.

Tisazembenso nkhani ya chitetezo. Gule ndi ntchito ya thupi, yogwirana, ndipo mphunzitsi amakhala ndi mphamvu zambiri pa mwana amene akuona kuti tsogolo lake lili m'manja mwa munthuyo. Ana osauka, aulumali ndi amasiye ndi amene amasowa kokadandaula. Gulu lililonse lofuna kutchedwa lachilungamo liyenera kukhala ndi malamulo omveka a kagwiridwe ka thupi, munthu wamkulu woposa mmodzi m'chipinda, ndi njira yoti mwana akanene popanda kuopa kuchotsedwa.

Gule n'ngwa yani, ndalama n'za yani

Intaneti yatsegula khomo limene kale linali ndi alonda. Mwana wa foni imodzi akhoza kuonedwa ndi anthu mamiliyoni. Koma kuonedwa ndi kupindula n'zosiyana. Mu 2019 Jalaiah Harmon, mtsikana wakuda wa zaka 14 wa kufupi ndi Atlanta, anapeka gule wotchedwa Renegade. Guleyo anafala pa TikTok ngati moto wolusa, ndipo amene anatchuka naye n'kupeza makontrakiti anali ena, ambiri mwa iwo azungu, dzina la mwini wake osatchulidwa. Anadzadziwika mu February 2020 nyuzipepala ya New York Times italemba za iye. Mu June 2021 ovina akuda ambiri pa TikTok ananyanyala kupeka magule atsopano pofuna kuonetsa amene amadyetsa bwalolo. Funso lomweli likugwiranso makanema a ana osauka ovina amene amakopa anthu ambiri: ndalama zikulowa kwa yani, anawo anavomereza, ndipo akadzakula adzakondwa kuona umphawi wawo uli poyera?

Zonsezi zikubwerera pa chinthu chimodzi chimene omenyera ufulu wa anthu aulumali akhala akunena kwa zaka zambiri, kuti za ife musakonze ife palibe. M'magulu ambiri osakaniza, ovina aulumali alipo, koma wopeka gule, wogwira thumba ndi wosankha ovina ndi munthu wopanda ulumali. Atsikana adzaza kalasi, koma wotsogolera ndi mwamuna. Achinyamata ali pabwalo, koma mutu wa sewero anasankha ndi wopereka ndalama. Chimene chimachititsa n'choti njira yopita ku utsogoleri imadutsa m'sukulu zaukachenjede za zaluso, ndipo zambiri mwa sukuluzi zimayesabe olowa ndi mayeso amene anapangidwira thupi la mtundu umodzi.

Koma zikusintha, ngakhale pang'onopang'ono. Marc Brew wa ku Australia anaphunzira ballet, ndipo mu 1997 akugwira ntchito ku South Africa anachita ngozi ya galimoto imene inamusiya panjinga. Anavina ndi Candoco, anayamba kupeka magule akeake, ndipo mu 2017 anakhala mkulu wa zaluso wa gulu la AXIS. Wopeka gule akakhala wa panjinga, ntchito ya m'chipinda imatembenuka. Sitepe imabadwira m'mapewa ake, m'kupendeka kwa mutu wake, m'kuzungulira kwa tayala. Ovina a miyendo iwiri amaima n'kumuyang'anitsitsa, kenako aliyense amayamba kufufuza m'thupi mwake mmene angachitire chimene waona. Kutsetsereka kosalala kumene njinga imachita mosavuta kumawavuta, mapazi amadukizadukiza, ndipo amabwereza kambirimbiri mpaka atakupeza.